Agogo Ankaiwala, Amalume Ankamva Mawu

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera kilogalamu imodzi ndi magalamu 300 kapena 400, ndipo m'kati mwake muli maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni. Kulemera kumeneku sikukhala mpaka kalekale. Munthu akapitirira zaka 40 ubongo umayamba kufota pang'onopang'ono, pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse m'zaka khumi, ndipo akadutsa zaka 70 kufotako kumafulumira. Makwinya a pamwamba pake amatalikirana, zipinda za madzi zimene zili pakati pake zimakula, ndipo kachigawo kopindika kotchedwa hippocampus, kamene kamathandiza munthu kusunga zimene zangochitika kumene, kamachepa chaka ndi chaka. Zimenezi sizisankha munthu. Zimachitika m'mutu mwa mfumu, mwa mlimi wa fodya, mwa pulofesa, ndipo zidzachitika mwa ine ndi inu ngati Mulungu atisunga.

Chimene chandisautsa kwa zaka zambiri n'chakuti zizindikiro zitatu zomwezi, ubongo wofota, zipinda za madzi zazikulu ndi hippocampus yochepa, zimatchulidwanso pofotokoza matenda oiwalaiwala amene madokotala amati dementia, komanso pofotokoza matenda a maganizo otchedwa schizophrenia. Wowerenga mothamanga angaganize kuti vuto ndi limodzi, langosiyana kukula. Koma ine ndinakulira pakhomo pamene panali odwala awiri, agogo anga aakazi ndi mwana wawo wotsiriza, amalume anga, ndipo sindinaonepo anthu awiri odwala mosiyana ngati amenewa. Anthu a m'mudzi ankati kwathu kuli amisala awiri. Amayi, amene ankasamalira onse awiriwo, ankakana. Iwo ankati: "Amayi akutisiya pang'onopang'ono. Achimwene ndiye alipo, akungovutitsidwa." Nditakula n'kuwerenga zimene ofufuza anapeza, ndinaona kuti mawu a amayi ndi oona mpaka m'kati mwa maselo enieniwo.

Ukalamba wamba ndi umene umanamiziridwa zambiri. Kwa nthawi yaitali ngakhale asayansi ankakhulupirira kuti munthu akamakula maselo a ubongo amafa miyandamiyanda, ndipo kuiwala kwa nkhalamba kumachokera pamenepo. Njira zabwino zowerengera maselo zitapezeka, chikhulupirirocho chinagwa. Mu 1994 Mark West ndi anzake anawerenga maselo a mu hippocampus ya okalamba amene anamwalira ali ndi nzeru zawo, n'kuyerekeza ndi ya anthu amene anamwalira ndi matenda a Alzheimer. M'chigawo chotchedwa CA1, okalamba athanzi anali atasunga maselo awo, pamene odwala aja anali atataya oposa theka.

Selo la ubongo limafanana ndi mtengo: lili ndi thunthu, nthambi zambirimbiri zolandirira uthenga, ndi muzu umodzi wautali wotumizira uthengawo kutali. Mu ukalamba wamba mitengoyo imakhala chiimire. Timphanda tina tating'ono timayoyoka, ndipo mafuta oyera amene amakuta muzu wautali uja kuti uthenga uzithamanga amaperepeseka. N'chifukwa chake nkhalamba imavutika kukumbukira dzina la mpongozi wa mnansi wake, koma dzinalo limadzabwera lokha madzulo ikudya nsima. Imachedwa kuphunzira kutumiza ndalama pafoni, koma ikaphunzira yaphunzira. Mawu, mbiri ya mtundu, malire a minda, luso loweruza milandu, zonsezi zimatsala, nthawi zina n'kumaonjezekera kumene. Ndipo kufotako kumamva zimene thupi likuchita. Mu 2011 Kirk Erickson ndi anzake ku America anatenga okalamba 120, theka la iwo n'kumawayendetsa ndawala katatu pa mlungu kwa chaka chathunthu. Hippocampus ya oyendawo inakula ndi magawo 2 pa 100, pamene ya anzawo ongodziwongola inapitiriza kuchepa. Ndimakumbukira zimenezi ndikaona ana okhala m'tauni akuletsa makolo awo kupita kudimba, n'kuwakhazika pakhonde tsiku lonse pofuna kuwapumitsa. Cholinga chawo n'chabwino, koma khasu laling'ono ndi ulendo wa kumsika zikanawathandiza makolowo kuposa mpando.

Za agogo zinali zina. Poyamba ankabwereza funso limodzi kangapo asanamalize kapu ya tiyi. Kenako anayamba kuthira mchere kawiri m'ndiwo, kusiya mphika pamoto mpaka kupserera, kubisa ndalama m'denga n'kuiwala, ndiyeno kulira kuti adzukulu awabera. Tsiku lina anasochera pochokera kuchitsime chimene anatungako madzi kuyambira ali mtsikana. Komabe ukawafunsa za njala ya 1949 ankaifotokoza mwatsatanetsatane, mayina a amuna amene anapita kukasuma kutali osabwerako, mizu imene ankakumba kutchire, ndi mizere ya anthu olandira chakudya. Nyimbo za Mvano ankaziimba zonse osaphonya mawu, ngakhale pa nthawi imene sankadziwanso kuti amene akuwasambitsa ndi mwana wawo.

Dokotala amene dzina lake matendawa anatenga, Alois Alzheimer, anakumana ndi zofananazo mu Novembala 1901 pachipatala cha odwala maganizo ku Frankfurt. Wodwalayo anali mayi wa zaka 51, Auguste Deter, amene ankaiwala, ankakayikira mwamuna wake popanda chifukwa, ankabisa zinthu ndiponso ankakuwa usiku. Mayiyo atamwalira mu Epulo 1906, Alzheimer anaunika ubongo wake ku Munich n'kupeza zinthu ziwiri: timibulu tounjikana pakati pa maselo, ndi tiulusi topotana m'kati mwa maselo akufa. Lero zikudziwika kuti timibuluto ndi mapuloteni otchedwa amyloid, ndipo tiulusito ndi mapuloteni otchedwa tau. Apa ndiye mitengo yeniyeniyo imauma n'kugwa, ndipo pamene yagwa sipameranso ina.

Mu 1991 Heiko Braak ndi Eva Braak anaonetsa kuti kuwonongekaku kuli ndi njira yake. Tiulusi ta tau timayambira pakhomo polowera mu hippocampus, n'kulowa mu hippocampus momwemo, kenako n'kufalikira ku zigawo zosunga mawu, zozindikira malo ndi nkhope. Zigawo zoyendetsa manja ndi miyendo zimafikidwa kumapeto. Nditawerenga zimenezi ndinaona ngati ndikuwerenga mbiri ya agogo. Chakudya cha m'mawa chinkaiwalika chifukwa malo olembera zatsopano ndi amene anayamba kuwonongeka, pamene njala ya 1949 inali itakhazikika kalekale m'zigawo zambiri za ubongo. Miyendo yawo inali yamphamvu, mutu usakudziwa kolowera, ndiye ankayenda mtunda wautali akuti akupita kwa amayi awo amene anamwalira ine ndisanabadwe.

Si kuiwala konse kumene kuli Alzheimer. Bungwe la World Health Organization limati matendawa ndi amene amachititsa magawo 60 mpaka 70 pa 100 a dementia yonse. Mtundu wina waukulu umachokera ku timitsempha ta magazi ta mu ubongo. Tikauma kapena kutsekeka, munthu amachita timasitiroko tating'onoting'ono timene mwina sazindikira n'komwe, ndipo nzeru zimatsika modumphadumpha, lero pang'ono, kenako bata la miyezi, kenako kutsikanso. Mtundu umenewu uyenera kutiopsa ife Amalawi, chifukwa kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Akatswiri osonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet anawerengera mu 2024 kuti pafupifupi magawo 45 pa 100 a dementia angapewedwe kapena kuchedwetsedwa pothana ndi zinthu 14, monga bipi, shuga, fodya, mowa wambiri, kugontha, kusaona bwino, kusungulumwa ndi kusapita kusukulu paubwana. Anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia padziko lapansi, ndipo oposa magawo 60 pa 100 a iwo ali m'mayiko osauka ndi apakati. M'boma la Hai ku Tanzania ofufuza anapeza anthu 6 pa 100 alionse a zaka 70 kupita m'tsogolo ali nayo. Amene amati awa ndi matenda a azungu sanayang'ane bwino m'midzi yathu.

Kwathu kuno kuiwala kungaphetse munthu mwa njira ina. Gogo wodwala dementia amasokoneza usiku ndi usana, amatuluka pakati pa usiku, mwina atavula chifukwa waiwala kuti wavula, n'kupezeka m'mbandakucha ataima kuseri kwa nyumba ya eni. Anthu akamuzungulira n'kumufunsa mwaukali ngati amatamba, iye chifukwa cha mantha ndi kusamvetsa amavomera chilichonse. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba zinayi pozinamizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana. Sindikunena kuti anayiwo ankadwala. Ndikunena kuti kumene nkhalamba ya nzeru zake ingaphedwe chifukwa cha mphenzi, nkhalamba yosochera usiku moyo wake uli m'manja mwa amene wayamba kuiona. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silifika pakhomo pa munthu tambala woyamba asanalire. Chimene chinateteza agogo chinali miyendo ya amayi. Anayenda nyumba ndi nyumba, n'kukagwada kwa amfumu: "Gogo chalo, amayi anga mutu sukugwiranso, ndi matenda. Amene awaone usiku asaope, angowagwira dzanja n'kuwabweretsa." Anthu anawabweretsadi, ena atawafunditsa chitenje chawo.



Amalume anayamba kudwala ali mnyamata, atatsala pang'ono kumaliza sekondale. Anasiya kucheza ndi anzawo, anasiya kusamba, n'kuyamba kunena kuti wailesi ikukamba za iwo. Ankamva amuna awiri akukambirana chilichonse chimene iwo akuchita. Ena anati ndi chamba, ena anati awalodza chifukwa cha nzeru za m'kalasi. Banja linapita kwa asing'anga, linapita kumapemphero, kenako linafika ku chipatala cha Zomba, kumene anapatsidwa mankhwala amene anawabweza kunyumba. Amayi ndiwo oyamba kubadwa, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Kuyambira nthawi imeneyo mlongo wawoyo wakhala m'manja mwawo.

Emil Kraepelin, mkulu amene Alzheimer ankagwira naye ntchito ku Munich, ndi amene anasonkhanitsa zizindikiro ngati za amalume m'zaka za m'ma 1890 n'kunena kuti ndi dementia yobwera msanga, yogwira achinyamata n'kuthera m'kuwonongeka kwa nzeru. Anthu ake anaunika ubongo wa odwala otere kufuna chilonda chooneka ngati cha Auguste Deter, koma sanachipeze. Mu 1908 Eugen Bleuler wa ku Zürich anatsutsa maganizowo, nati matendawa sayamba paunyamata nthawi zonse ndipo sathera m'kuwonongeka nthawi zonse, n'kuwapatsa dzina limene tikugwiritsa ntchito lero. Panapita zaka zambiri ena akunena kuti mu ubongo mulibe chilichonse cholakwika, vuto ndi kaleredwe, ndipo amayi ambiri ananyamula mlandu umene sunali wawo. Mu 1976 Eve Johnstone ndi anzake pachipatala cha Northwick Park ku London anajambula ndi makina a CT mitu ya odwala 17 amene anakhala nawo matendawa nthawi yaitali, n'kupeza zipinda za madzi zokulirapo. Mu 1990 ofufuza a ku America anajambula ndi MRI mapasa ofanana okwana magulu 15, mmodzi wodwala wina wosadwala, ndipo pafupifupi m'magulu onse wodwalayo ndi amene anali ndi hippocampus yocheperapo.

Kusiyana kwake ndi dementia kumaonekera mukayang'anitsitsa. Zizindikiro za mu ubongozi zimapezeka kale pamene munthu wangoyamba kudwala, ngakhale asanamwe piritsi ndi limodzi lomwe. Pa maikulosikopu sipaoneka manda a maselo kapena zipsera zimene ubongo umasiya maselo akafa ambiri. Maselo alipo, kungoti ndi ocheperako, othinana, ndipo ali ndi malo ochepa olumikizirana ndi anzawo. Ubongo wa wachinyamata aliyense umadulira nthambi zosafunika kuyambira pa kutha msinkhu mpaka zaka za m'ma 20, makamaka kutsogolo kwa mutu kumene kumakonza mapulani ndi kupima maganizo. Mu 1982 Irwin Feinberg anaganiza kuti mu schizophrenia kudulirako kumasokonekera, ndipo mu 2016 ofufuza a ku Boston anapeza kuti anthu amene matupi awo amapanga mapuloteni ambiri otchedwa C4, amene amaika chizindikiro pa nthambi zoti zidulidwe, ali pachiopsezo chokulirapo. Mwa amalume mitengo sinagwe. Inadulidwa mopitirira muyezo pa nthawi imene inkakhwima.

Nanga munthu woteroyo akakalamba? Mu 1998 Dushyant Purohit ndi anzake ku New York anaunika ubongo wa nkhalamba 100 zimene zinamwalira zitakhala ndi schizophrenia, zambiri m'zipatala za boma. Mwa anthuwo 72 nzeru zawo zinali zitatsika, koma 9 okha ndi amene anapezeka ndi Alzheimer. Ngakhale pamene kunja kukuoneka kofanana, m'kati muli nkhani ina, ndipo sitingaiwale kuti amenewa anali anthu otsekeredwa zaka makumimakumi opanda ntchito, opanda abale, opanda wowafunsa maganizo. Amene anatsatira odwala kunja kwa makoma anapeza zolimbikitsa. Manfred Bleuler, mwana wa Eugen, anatsatira odwala 208 kwa zaka zoposa 20. Luc Ciompi ku Lausanne anaona 289 patapita zaka pafupifupi 37 chigonekedwere. Courtenay Harding ku Vermont anatsatira 269 amene ankaonedwa ngati otheratu, ndipo patapita zaka 32 anapeza kuti oposa theka la amene anali moyo anali atachira kapena kupeza bwino kwambiri. Kraepelin ankaona okhawo amene anatsala m'chipatala, ndiye anaganiza kuti mapeto a onse ndi amenewo.

Amalume lero ali ndi imvi, ndipo ndi ofatsa kuposa mmene ndinawadziwira ndili mwana. Ndinawafunsapo ngati amawamvabe amuna aja. Anayankha kuti: "Alipo, mphwanga, koma ndinasiya kuwayankha." Amaweta mbuzi, amadziwa iliyonse ndi mayi wake, amakumbukira amene anawakongola ndi tsiku limene analonjeza kubweza. Salankhula zambiri, ndipo pa ukwati kapena pamaliro amakhala chakumapeto. Ndi munthu wathunthu amene anaphunzira kukhala ndi katundu wolemera.

Chimene chimandiopsa pa iwo ndi thupi. Anthu odwala schizophrenia, amene ndi pafupifupi 24 miliyoni padziko lapansi, amafa zaka 10 mpaka 20 msanga poyerekeza ndi anzawo, ndipo ambiri amafa ndi mtima, shuga, chifuwa ndi matenda ena amene akanachizika. Ambiri amasuta kwambiri. Akadandaula kuti pachifuwa pakupweteka, omva amati ndi mutu womwewo. Mankhwala nawonso ali ndi mtengo wake. Chlorpromazine, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito ku Paris mu 1952, pamodzi ndi haloperidol ndi jakisoni wa pamwezi wa fluphenazine, amaumitsa thupi, amanjenjemeretsa manja, ndipo patapita zaka milomo ndi lilime zimatha kumangoyenda zokha, monga zimachitira kwa amalume. Ena mwa mankhwala atsopano amanenepetsa ndi kukweza shuga. Ku Iowa, Beng-Choon Ho ndi Nancy Andreasen anajambula mobwerezabwereza odwala 211, ndipo mu 2011 analengeza kuti amene analandira mankhwala ochuluka ubongo wawo unachepa kwambiri. Gulu lomwelo linapezanso kuti kukhala nthawi yaitali matenda atayambiranso kumayendera limodzi ndi kuchepa kwa ubongo. Ine ndimamva kuti zimenezi sizikutiuza kusiya mankhwala, poti ndinaona ndi maso anga zimene zimachitika jakisoni akasowa. Zikutiuza kuti mlingo uyenera kuunikidwanso munthu akamakula, chifukwa umene unkayenera mnyamata wa zaka 25 ungalemere bambo wa zaka 65 amene impso ndi chiwindi chake zachepa mphamvu. Komanso kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2015 anapeza kuti odwala schizophrenia ali ndi chiopsezo choposa kawiri chodzadwala dementia. Matenda akalewo satchinjiriza munthu ku atsopano.

Apa ndi pamene kusiyanitsa kumasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Haloperidol amene anatibwezera amalume angavulaze gogo wina. Pali dementia yotchedwa ndi dzina la Friedrich Lewy, amene mu 1912 anafotokoza timibulu tina ta m'kati mwa maselo. Odwala ake amaona ana kapena nyama m'nyumba mmene mulibe kanthu, lero amakhala bwino mawa asokonezeka, amayenda mouma ndipo amagwa kawirikawiri. Munthu woteroyo akapatsidwa haloperidol chifukwa choti akuona zinthu, amatha kuumiratu thupi, kukomoka, ngakhale kufa. Mu 2008 bungwe loona za mankhwala la ku America la FDA linachenjeza kuti mankhwala a gulu limeneli amaonjezera imfa mwa okalamba odwala dementia. Palinso kusokonezeka kwadzidzidzi: gogo amene Lamlungu anali kutchalitchi ali bwinobwino, Lachiwiri akulankhula zosamveka ndi kutola zinthu m'malere. Ameneyo kawirikawiri ali ndi malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi kapena kwa shuga m'thupi. Akathamangira naye kuchipatala amachira n'kubwerera mmene analili, koma akamumangirira pamtengo kapena kudikira kuti ziwanda zituluke, amafa ndi matenda a mapiritsi ochepa. Kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, chindoko chakale, HIV ndi matenda a nkhawa yozama, zonsezi zingaoneke ngati dementia, ndipo zonse zili ndi chithandizo. Ndiyeno pali ena, makamaka amayi okhala okha amene makutu ayamba kugontha, amene amayamba kumva mawu ndi kukayikira anansi atadutsa zaka 60, koma kukumbukira kwawo kuli bwino. Amenewa amathandizika ndi mlingo wochepa kwambiri wa mankhwala, ndiponso ndi kukhala pakati pa anthu.

Munthu angaganize kuti chimene chingathetse chisokonezo chonsechi ndi makina ojambulira. Makinawo ndi ofunikadi. MRI imene inaikidwa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 inathandiza Terrie Taylor ndi anzake kuonetsa kuti ana ambiri ofa ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa ubongo watupa. Kwa wokalamba, chithunzi chingaonetse chotupa, magazi oundana pambuyo pogwa, sitiroko kapena madzi ochuluka, ndipo zina mwa zimenezi zimachizika. Koma palibe chithunzi chimene chingauze dokotala kuti uyu ali ndi schizophrenia. Kusiyana kumene ofufuza amapeza kumaoneka akaphatikiza anthu mazanamazana, ndipo munthu mmodzi wodwala angakhale ndi ubongo wooneka bwino kuposa wa mnzake wosadwala. Ngakhale timibulu ta Alzheimer sitinena zonse. David Snowdon anatsatira masisitere 678 a gulu la School Sisters of Notre Dame ku America, amene anavomera kuti ubongo wawo udzaunikidwe akamwalira. Mmodzi wa iwo, Sister Mary, anamwalira ali ndi zaka 101 akukhoza bwino mayeso a nzeru, koma ubongo wake unapezeka ndi timibulu ndi tiulusi tambirimbiri. Anaphunzitsa ana moyo wake wonse, ankawerenga, ankakhala pakati pa anzake, ndipo mwina ubongo wake unali ndi njira zina zodutsira pamene zina zinatsekeka.

Chimene chimasiyanitsa matendawa kwenikweni ndi mmene ayendera m'nthawi. Zinayamba liti? Zinabwera pa masiku awiri, pa miyezi, kapena pa zaka? Chinayamba kutayika n'chiyani, kukumbukira, khalidwe, mawu kapena kayendedwe? Munthuyu anali wotani asanadwale? Amamwa mankhwala anji, kuphatikizapo a zitsamba? Mayankho amenewa ali ndi gadiyani, mayi uja wokhala pansi m'khonde la chipatala ndi mtolo wa mapoto ndi nkhuni. M'dziko limene madokotala a maganizo ndi owerengeka, ndipo ntchito yaikulu ili m'manja mwa makiliniko ofesa ndi anamwino a m'maboma pamodzi ndi zipatala zochepa monga ya Zomba ndi ya St John of God ku Mzuzu, chida chachikulu choyezera ubongo ndi mayi ameneyu. Ayenera kupatsidwa mpando ndi nthawi. Mabanja nafenso tili ndi mbali yathu. Kawirikawiri amene amaperekeza wodwala ndi mwana wa m'tauni amene ali ndi galimoto ndi Chingerezi, pamene amene amagona naye chipinda chimodzi watsala kumudzi. Wa galimotoyo ayendetse, koma wolankhula ndi dokotala akhale amene amadziwa usiku umene gogo anayamba kutuluka panja.

Agogo anamwalira ali m'manja mwa amayi, atasiya kulankhula ndi kumeza bwino, monga zimakhalira tau akafika ku zigawo zomaliza. Tsopano amayi nawo adutsa zaka 70. Amafunafuna magalasi ali pamphumi, mayina a zidzukulu amawasakaniza, koma mabuku a banki m'khonde akusungabe okha ndipo palibe tambala imasowa. Umenewo ndi ukalamba wamba, kungoti mphamvu zosamalira munthu wina zikuchepa. Ife ana awo tinakhala pansi n'kugwirizana kuti amalume asachoke kumudzi, kumene kuli mbuzi zawo ndi njira zimene amazidziwa. Msuweni wathu wina aziwaphikira ndi kuwaperekeza, ife tizisonkha ndalama mwezi ndi mwezi. Tinapemphanso kuti pa tsiku la jakisoni aziwayeza bipi ndi shuga, n'kulemba m'buku lawo la kuchipatala, ndipo bipi inapezekadi yokwera, moti tsopano akumwa mapiritsi ake. Msuweniyo tinamuuza zoti aziyang'anira. Akadzaona amalume akulephera kuwerenga mbuzi zawo, akubwereza funso limodzi kangapo, kapena atasochera panjira ya kuchipatala, akauze adokotala momveka bwino kuti ichi n'chatsopano, si matenda aja akhala nawo kuyambira ali mnyamata, ndipo apemphe kuti awayeze thupi lonse asanawaonjezere mankhwala.